Chimanga chadzaza pabwalo, m'nyumba muli njala

Azakhali anga a ku Lulimile anauzidwa za matenda awo ndi nyerere. Ku Lichinga tili pamtunda wopitirira mamita 1,300, ndipo usiku wa mu Juni palibe amene amafuna kutuluka panja, choncho iwo amagona ndi kachitini pafupi ndi bedi. M'mawa wina anapeza nyerere zandanda m'mphepete mwa chitinicho ngati zapeza uchi. N'kuti atatha miyezi akudzuka kanayi kapena kasanu usiku uliwonse kukataya madzi, kukhosi kuli gwa ndi ludzu, chitenje chikumasuka m'chiuno ngakhale kuti nsima ankadya mitanda yawo yonse. Anthu anali atayamba kale kunong'ona zija timanong'ona munthu akayamba kuwonda. Kuchipatala anawabaya chala, kadontho ka magazi n'kukagusitsa pa kapepala ka makina, nambala n'kutuluka 17. Namwino anati, "Amayi, muli ndi shuga."

Atafika kunyumba anatenga paketi ya shuga imene inali m'kabati n'kupatsa aneba. Kwa iwo mlandu unathera pomwepo. Mwezi wathunthu anamwa tiyi wopanda kanthu, nkhope itakwinyika, koma atabwerera kuchipatala nambala inali 15. Madzulo ake anandifunsa, "Mwanangu, tandiuza. Shuga ndinapereka yense, supuni sindiikhudza. Nanga amene akumupeza m'magazi mwangayu akuchokera kuti?"

Amene anaphikapo thobwa yankho ali nalo kale. Phala la ufa wa chimanga silitsekemera, koma mukathiramo chimera n'kulisiya, limasungunuka n'kuyamba kutsekemera popanda kuthiramo shuga. Chimera chimangomasula shuga amene anali womangika mu ufamo. M'kamwa ndi m'matumbo mwathu muli zimera zathuzathu zimene zimagwira ntchito yomweyo. Nsima, mpunga, buledi amene kuno timati pão, chinangwa, mbatata, mbatatesi, zonsezi zikafika m'matumbo zimasanduka shuga n'kulowa m'magazi. Palibe cholakwika pamenepo, thupi limayendera shuga ameneyu. Vuto limayamba ndi kumene shugayo amapita akalowa m'magazi, ndipo zimenezi ndinawafotokozera azakhali titakhala pabwalo pawo pomwe, moyang'anizana ndi nkhokwe.

Nthawi yokolola, ngolo ikabwera kuchokera kumunda imakhuthula chimanga pabwalo. Koma pabwalo si posungira. Pamafunika anthu otuta ndi madengu kukathira m'nkhokwe ngolo ina isanafike. Magazi ndiwo bwalo, ndipo ndi bwalo laling'ono modabwitsa. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita pafupifupi 5, koma shuga yense amene amayenera kukhala m'magazimo pa nthawi imodzi ndi wokwana kasupuni kamodzi ka tiyi basi. Botolo la refresco la mamililita 300 lili ndi timasupuni pafupifupi 8, ndipo mtanda umodzi waukulu wa nsima umatulutsa shuga woposa pamenepo. Ndiye kuti tikadya, otuta amayenera kuchita changu. Otutawo ndi insulini, madzi amene amapangidwa ndi kachiwalo kali kuseri kwa chifu, kamene ena amati kapamba, pa Chipwitikizi pâncreas. Nkhokwe ndi minofu, chiwindi ndi mafuta a m'thupi.

Pali ena, makamaka ana ndi achinyamata, amene otuta amawathera kotheratu. Asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuwononga tizigawo topanga insulini, ndipo sitimeranso. Uwu ndiwo mtundu woyamba wa shuga. Mwana wotere sanadye maswiti ambiri, mayi ake sanalakwitse kanthu, ndipo palibe kadyedwe kapena mtengo umene ungabweze otutawo. Insulini anaipeza mu 1921 ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala woyamba kubayidwa n'kupulumuka. Zisanachitike izi matendawa anali imfa basi. Kuno kwathu, patatha zaka zoposa 80, kafukufuku wa David Beran ndi anzake wa mu 2005 anayerekeza kuti mwana wa kumudzi ku Mozambique akapezeka ndi mtundu umenewu ankatha kukhala ndi moyo miyezi 7 yokha, chifukwa insulini, majakisoni ndi zoyezera sizinkamufika. Choncho munthu amene amauza mayi kuti asiye kubaya mwana wake chifukwa apemphera kapena chifukwa pali mankhwala achikuda, ine ndilibe naye mawu ofatsa. Kumene kulibe firiji, insulini imasungika mu mtsuko wadothi woikidwa pamthunzi mu mchenga wonyowa, kabotolo kosakhudza madzi.

Wa azakhali ndi mtundu wachiwiri, umene uli ndi anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse odwala shuga. Apa otuta alipo, koma nkhokwe ikukana. Mafuta akachuluka m'chiwindi ndi pamimba, ndipo minofu ikakhala yosagwiritsidwa ntchito, zimakhala ngati nkhokwe yadzaza kale ndi chimanga cha chaka chatha ndipo khomo lake lalimba. Kapamba amatumiza otuta owirikiza, amakankha, zimalowa, ndipo kwa zaka zambiri munthu samva chilichonse. Kenako otutawo amayamba kutopa. Ngolo sizinasiye kubwera, m'mawa, masana, madzulo, mulu n'kumakula pabwalo. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'nyumba muli njala. Munthu amadya n'kukhuta, koma minofu yake sikulandira mokwanira, ndiye amafooka, amawonda, amangofuna kudyanso.

Nyerere zija zikubwera apa. Shuga akapitirira cha m'ma 10 m'magazi, impso zimalephera kumubweza, zimamutayira mu mkodzo, ndipo potuluka amakoka madzi. Kukodza pafupipafupi ndi ludzu losatha gwero lake ndi limeneli. Ndipo chimanga chikakhalitsa pabwalo tonse tikudziwa, chimagwa nkhungu, chiswe ndi makoswe zimapeza phwando. Shuga wokhalitsa m'magazi amadya pang'onopang'ono timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta kumapazi, amathandizira matenda a mtima ndi sitiroko, amachedwetsa zilonda kupola, amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Abambo ambiri amayamba kuona kuti mphamvu za m'nyumba zachepa, n'kuthamangira kugula gondolosi m'malo mokayezetsa magazi.

Tinazolowera kunena kuti shuga ndi matenda a mabwana a mimba zikuluzikulu. Mwina kale zinkaoneka choncho, chifukwa mabwanawo ndi amene ankayezedwa. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique anapeza kuti mu 2005 anthu pafupifupi 3 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo pofika 2015 anali atapitirira 7, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe. Bungwe la International Diabetes Federation linayerekeza mu 2021 kuti akuluakulu 24 miliyoni m'chigawo chathu cha Africa ali ndi matendawa, oposa theka osayezedwa. Mabwana sachuluka choncho. Mwa anthu amenewa muli ogulitsa tomato, oyendetsa njinga zamoto, aphunzitsi, ndipo ambiri si onenepa ayi. Kumtundu kumathandizira, msinkhu umathandizira, ndipo mayi amene anabereka mwana wolemera kupitirira makilogalamu 4 ayenera kumayezetsa. Matendawa sapatsirana, mutha kudyera mbale imodzi. Za ufiti ndingoti, mfiti yolodza anthu 24 miliyoni ndiye kuti sigona tulo.

Chimene chasintha n'choonekeratu ngakhale ku Lulimile komweko. Azakhali ali mtsikana ankasinja pamtondo, kutunga madzi kuchigwa, kuyenda wapansi kupita kumunda. Lero chigayo chili pafupi, kupita kumsika amakwera njinga yamoto, m'mawa ndi pão awiri ndi tiyi. Sindikunena kuti tibwerere kumtondo, amene anasinjapo sausowa. Ndikungoti ngolo zakula pamene ntchito yotapa m'nkhokwe yachepa.

Ndiye chochita n'chiyani? Choyamba chimene ndinalimbana nacho ndi azakhali ndi kukula kwa ngolo. Kadyedwe kathu kamaika nsima phiri, ndiwo n'kukhala zongopititsira. A chipatala amapempha kuti titembenuze: theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nsomba, mazira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo ndiye nsima, mtanda wofanana ndi chibakera cha mwiniwake. Azakhali atauona mtandawo anaseka mpaka misozi. "Imeneyi ndi nsima ya munthu kapena ya mphaka?" Koma kuno ku Niassa tilibe chifukwa chodandaulira. Nyemba za kuno n'zotchuka dziko lonse, usipa ndi utaka zimabwera kuchokera ku Metangula ndi ku Meponda, nkhwani, chisoso, bonongwe, mpiru ndi therere zili pakhomo. Nyemba makamaka ndi bwenzi la wodwala shuga, zimakhutitsa ndipo zimatulutsa shuga wake pang'onopang'ono, ngati ngolo yoyenda ndi ng'ombe zotopa, yopatsa otuta mpata wopuma.

Nkhani ya mgaiwa ndiyo imasokoneza ambiri. Wodwala aliyense amauzidwa kuti asiye ufa woyera adye mgaiwa, ndipo ndi malangizo abwino, chifukwa mu mgaiwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhalamo, pamene ufa woyera unakonoledwa, kuviikidwa, n'kutsala woyera mbee wopanda chochedwetsa. Koma mgaiwa ndi chimanga ndithu. Mitanda inayi ya mgaiwa ndi ngolo zinayi, kaya zifike mochedwerapo. Ndaonapo abambo ena akudya mgaiwa wodzaza beseni ndi mtima woyera, akuti "uwu ndi mankhwala." Kondowole ndi chimodzimodzi, mpunga chimodzimodzi, tchipisi cha mbatatesi zathu zino ndiye chimawonjezanso mafuta. Uchi ndi shuga. Shuga wofiirira ndi shuga. Thobwa, ngakhale losathira kanthu, tanena kale chimene chimera chimachita, ndipo chakumwa chilichonse chotsekemera chimafika pabwalo ngati lole yokhuthula kamodzi. Zipatso n'zololedwa, koma kudya lalanje limodzi ndi zamkati zake n'kosiyana ndi kumwa madzi a malalanje asanu, ndipo nyengo ya mango munthu asakhale pansi pa mtengo ndi chidebe. Bungwe la WHO limati ngakhale munthu wabwinobwino asapitirire timasupuni 12 ta shuga wowonjezera patsiku, kuwerengera ndi wa m'zakumwa, ndipo kutsika kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Tiyi wa alendo kwathu kuno amathira tinayi m'kapu imodzi.

Mbali imene ambiri amainyoza ndi yotapa m'nkhokwe. Mnofu ukamagwira ntchito umatsegula wokha khomo n'kukoka shuga m'magazi, ngakhale otuta ali ochepa, ndipo khomolo limakhala lofewa kwa maola ambiri pambuyo pake. N'chifukwa chake kuyenda kwa mphindi 10 kapena 15 mutangotha kudya kumathandiza kuposa kugona pamphasa. Muyeso wake ndi mphindi 150 pa sabata, kuyenda kofulumira moti mpweya ukwere koma mukutha kulankhula. Kulima, kupalasa njinga, kuvina kukwaya, zonse zimawerengedwa. Ku America anayesa zimenezi pa anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera, ndipo zotsatira za mu 2002 zinaonetsa kuti amene anayenda chotero n'kutsitsako thupi pang'ono anachepetsa chiopsezo chodwala ndi 58 peresenti, pamene omwa mapiritsi a metformin anachepetsa ndi 31. Ku Britain, kafukufuku wa DiRECT wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi theka la odwala onenepa amene sanakhalitse ndi matendawa, atathandizidwa kutsitsa thupi kwambiri, shuga wawo anali atabwerera m'malo patatha chaka, popanda mapiritsi. Nkhokwe ikapungulidwa, khomo limatseguka. Chovuta kwathu kuno si sayansi koma malilime. Munthu akanenepa timati akupeza bwino, akatsika timamuyang'ana m'mbali, ndipo ndikudziwa amayi amene amaopa kutsitsa makilogalamu asanu kuopa apongozi ndi aneba.

Mwezi wachitatu, mayi wina wa kutchalitchi anawabweretsera azakhali botolo la madzi a nimu osakaniza ndi aloe vera. Mfundo yake inali yomveka m'kamwa: chowawa chimapha chotsekemera. Koma magazi alibe lilime. Kuthira madzi owawa pa mulu wa chimanga sikuusamutsira m'nkhokwe. Chammwamba nachonso sichichiza shuga, ndi ndiwo yabwino, idyani ngati ndiwo. Choopsa pa mabotolowa si kuwawa kwake kokha, kapena kuti palibe amene akudziwa muyeso wake pa impso zotopa kale, koma kuti amabwera ndi mawu akuti "mukamwa izi mapiritsi musiye." Azakhali anasiyadi kwa masabata atatu. Maso anayamba kuona mbuu ngati chifunga cha m'mawa, ndipo anabwerera okha kuchipatala osauza munthu.

Mapiritsiwo ndi bwino kudziwa chimene amachita. Chiwindi ndi nkhokwe imene imatapa yokha usiku n'kubwezera shuga pabwalo kuti munthu asakomoke ali mtulo. Kwa wodwala shuga chimatapa mopyola muyeso, n'chifukwa chake ena amadabwa kuti anagona osadya koma m'mawa nambala yakwera. Kudzimana chakudya sikuchiza. Metformin amaletsa chiwindi kutaya mosasamala, amafewetsanso khomo la minofu. Glibenclamide ndi wosiyana, amakwapula otuta kuti athamange kaya ngolo yabwera kaya sinabwere. Mukamwa ameneyu, kapena kubaya insulini, n'kusadya, kapena kumwa kachasu pamimba popanda kanthu, otuta amasesa bwalo lonse mpaka mbee. Shuga akatsika kupitirira 3.9 munthu amanjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda, kulankhula zosokonekera ngati woledzera, ndipo atha kukomoka n'kufa. Mankhwala ake apa ndi shuga yemweyo, timasupuni titatu kapena tinayi m'madzi, kenako chakudya. Ngati wakomoka musamuthire chilichonse kukamwa, thamangirani naye kuchipatala. Ndinachita kuwauza azakhali kuti paketi ija anapereka kwa aneba akagule ina.

Pa chifukwa chomwechi, nkhani ya kusala kudya ndi yofunika kukambirana ndi a chipatala isanafike nthawi. Aneba athu ambiri kuno ndi Asilamu, ndipo mwezi wa Ramadan munthu amatha tsiku lonse osadya kenako n'kudya zambiri nthawi imodzi dzuwa litalowa, zonse ziwiri zovuta kwa otuta otopa. Chisilamu chimalola wodwala kusasala, ndipo amene akufuna kusala nthawi zambiri amafunika kusinthiridwa nthawi ndi muyeso wa mankhwala. Akhristu opita kuphiri kukasala masiku atatu nkhani ndi yomweyo. Ndipo tsiku likadzafika loti adokotala anene kuti mapiritsi sakukwanira, muyambe jakisoni, sikuti imfa yayandikira. Otuta a pakhomo akalamba, mwalemba aganyu. Anthu amaiopa insulini chifukwa anaona wachibale akuiyamba mochedwa, impso zitawonongeka kale, n'kuimba mlandu jakisoni.

Fanizo langa lili ndi polekezera, ndivomere. Mulu wa pabwalo umaoneka ndi maso, aliyense wodutsa amakuuzani kuti chimanga chikuwonongeka. Wa m'magazi saoneka, ndipo munthu atha kukhala ndi 12 kwa zaka akumva bwinobwino. Maso ake ndi makina aja okha. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye n'kupezeka ndi 7.0 kapena kuposa, n'kubwerezanso tsiku lina, ndiye kuti ndi shuga. Makina ena amawerenga mwa mtundu wina, pamene 7.0 amaoneka ngati 126 ndipo 11.1 ngati 200, choncho amene mumayenda kudutsa pa Mandimba kukaona abale ku Mangochi, mukayezedwa kwina funsani kaye makinawo akuwerenga motani musanayambe kugawa katundu. Kulinso kuyeza kotchedwa HbA1c kumene kumaonetsa mmene bwalo lakhalira kwa miyezi pafupifupi itatu, kosanamizika ndi kusala kwa dzulo lokha. Nambala ikatsika, ambiri amati "ndachira" n'kusiya zonse. Bwalo layera chifukwa mukulisamala, khomo la nkhokwe likadali lomwe lija. BP nayo iziyezedwa limodzi, chifukwa awiriwa amayendera limodzi, ndipo fodya pa munthu wa shuga amafulumizitsa kutsekeka kwa mitsempha. Odwala ali ndi bungwe lawo m'dziko muno, AMODIA, ndipo pa 14 Novembala, tsiku lobadwa la Banting, dziko lonse lapansi limakumbukira matendawa.

Kuno ku Lichinga ndimaopa kwambiri mapazi. Shuga akadya mitsempha, phazi limachita dzanzi, ena amamva ngati akuponda thonje, ena ngati moto usiku. Tsono mu Julayi aliyense amasendeza mapazi ku mbaula. Munthu wa dzanzi amatha kupsa mpaka matuza osamva kanthu, kapena kuyenda tsiku lonse ndi kamwala mu nsapato. Kachilonda kakang'ono, kaya kochokera ku minga, ku lezala lowengera zikhadabo, kapena ku pini wochotsera thekenya, kamatha kukula mpaka mwendo kudulidwa. Odulidwa miyendo ambiri zinayamba chonchi, ndi kachilonda kamene anakamanga kansanza sabata ziwiri.

Pano madzulo alionse mdzukulu wawo wamkazi amatenga tochi ya foni n'kuwayang'ana pakati pa zala za kumapazi, chala ndi chala, azakhali akudandaula kuti akuwagirigisha, chimene ine ndimakondwa kumva. Mbaula amaikidwa pataliko, iwo n'kuvala masokosi awiri. Akadya amazungulira mpaka kumsika wapansi, oyendetsa njinga zamoto akuwaitana kuti, "Amayi, kwerani, mwakwiya nafe?" Ulendo wapitawu nambala inali 8. Nsima ya mphaka ija sanaikhululukirebe, ndipo pa maliro kapena pa ukwati ndimawaona akuwonjezera mtanda wachiwiri maso ali kwina. Pa ngodya ya chitenje chawo, pamene kale ankamangapo ndalama, pano pali kapulasitiki ka shuga wokwana timasupuni tinayi.